Chipukuta misozi chafika, koma a inshuwalansi ya kuntchito akuti muwabwezere: lamulo liwalola kutenga zingati?

Mayi wina wa ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, walemba motere:

"Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Chaka chatha galimoto ina inandiwomba m'mbali pamphambano, ndipo ndinathyoka chiuno. Ndinakhala miyezi isanu osapita kuntchito. Bilu ya kuchipatala inalipidwa ndi inshuwalansi ya kuntchito kwathu. Loya wanga wamaliza nkhaniyi, ndipo inshuwalansi ya dalaivala uja pamodzi ndi ya galimoto yanga apereka $60,000, akuti mphamvu zawo zathera pomwepo, ngakhale loyayo akuti kuvulala kwanga kunali koyenera $180,000. Iye atengapo $20,000. Tsopano kwabwera kalata yoti ndibweze $36,000 zimene inshuwalansi ya kuntchito inalipira kuchipatala. Ndiye kuti ine nditsala ndi $4,000? Nanga ndalama zimene amandidula pa malipiro milungu iwiri iliyonse zinali zachiyani? Mlamu wanga akuti ndingotumiza ndalamazo kumudzi tikamalizire nyumba, sangazitsatire kumeneko."

Pepani kwambiri Mayi, ndipo ndikhulupirira kuti chiunocho chikupepukirako. Funso lanu loti ndalama zodulidwa zija zinali zachiyani ndalimva kwa anthu ambiri, ndipo si funso lachibwana. Yankho lake ndi loti a inshuwalansi ali ndi mpata wotengako kanthu, koma $36,000 yalembedwa m'kalatayo ndi imene iwo akufuna, osati imene lamulo latsimikiza kale kuti ndi yawo. Pakadali pano musalipire, musasayine pepala lililonse limene akutumizirani loya wanu asanalione, komanso musatumize ndalamazo kumudzi. Zikhale kaye mu akaunti ya loya, momwe amasungira ndalama za anthu amene akuwaimira, kufikira mutadziwa chinthu chimodzi: ndalama zimene zinapita kuchipatala zinatuluka m'thumba la ndani.

M'kalata yanuyo mupezamo mawu akuti subrogation, reimbursement kapena lien. Onsewa akuloza kumodzi. M'mgwirizano wa inshuwalansi yanu muli ndime yonena kuti ngati wakuvulazani ndi munthu wina, iwo alipira kuchipatala mwamsanga kuti muchire, koma wolakwayo akapereka chipukuta misozi, iwo atengapo zimene anawononga. Amati akapanda kutero inu mudya pawiri: bilu yalipidwa ndi iwo, kenako mwalandiranso ndalama za bilu yomweyo kwa dalaivala. Mfundoyi ndi yomveka ngati munthu walandira chipukuta misozi chokwanira. Kwa inu siikuyenda. Mwalandira gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene munayenera kulandira, ndipo mu $60,000 imeneyo muli malipiro anu a miyezi isanu, ululu wa chiuno, ndi masiku akutsogolo amene kunyamula gogo pabedi kudzakhala kokuvutani. Amene watenga $36,000 pamenepo sakukuletsani kudya pawiri ayi, akudya chakudya chanu.

Makhoti a ku America anaiona kalekale mbali imeneyi, ndipo anakhazikitsa mfundo ziwiri zoteteza wovulala. Ina amaitcha made whole: a inshuwalansi adikire mpaka wovulala atabwezeredwa zonse zimene anataya, ndipo akatero atole zotsala. Inzake amaitcha common fund, ndipo tanthauzo lake ndi loti munthu asakolole pamene sanalime. Ndalamazi wazithamangira ndi loya wanu, inu ndi amene mukumulipira, choncho aliyense wofuna kudya nawo asenzeko gawo la malipiro a loyayo.

Zigawo zina zinapitirira pamenepo n'kuika malamulo olembedwa. Ku Virginia lamulo limaletsa makampani a inshuwalansi ya zaumoyo kuika ndime yotereyi m'migwirizano yawo. Ku New York, kuyambira mu 2009, munthu akagwirizana ndi womuvulaza, lamulo limatenga kuti m'ndalamazo mulibe za bilu imene inshuwalansi inalipira kale, ndiye palibe chobweza. Ku California kampani singatenge zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a chipukuta misozi ngati wovulala anali ndi loya, kapena theka ngati analibe. Kwanu ku Indiana sanaletseretu, koma muli ndi lamulo labwino kwambiri pa nkhani ngati yanuyi, Indiana Code 34-51-2-19. Limati ngati chipukuta misozi chachepa chifukwa choti wovulala analakwitsako nayenso, kapena chifukwa choti ndalama zonse sizikanatheka kupezeka, monga pamene inshuwalansi ya wolakwa ili yochepa, zimene a inshuwalansi ya zaumoyo akufuna zichepenso pa mlingo womwewo, kenako asenze gawo lawo la malipiro a loya ndi ndalama zoyendetsera mlandu.

Tiwerengere limodzi. Mwalandira $60,000 pa $180,000, kutanthauza gawo limodzi mwa atatu. $36,000 ija itsika kufika pa $12,000. Loya akutenga gawo limodzi mwa atatu, ndiye iwonso achotse gawo limodzi mwa atatu pa $12,000, itsale $8,000. Inu mupita kunyumba ndi $32,000, tisanachotse tindalama tina toyendetsera nkhaniyi monga tolipira mafayilo a kuchipatala. Komabe $180,000 ija siingangochokera pakamwa pa loya. Ayenera kuionetsa ndi mabilu, mapepala a malipiro anu ndi lipoti la dokotala, chifukwa a inshuwalansi adzaitsutsa.

Ndikanakonda kulekera pomwepa, koma pali lamulo la dziko lonse la mu 1974 lotchedwa ERISA, limene limayang'anira mapenshoni ndi chithandizo cha zaumoyo cha kuntchito, ndipo nthawi zambiri ndi limene limasokoneza masamu okomawa. Inshuwalansi ya kuntchito ilipo mitundu iwiri, ngakhale khadi la m'chikwama limaoneka chimodzimodzi. Pena olemba ntchito amagula inshuwalansi ku kampani, ndipo mukadwala ndalama zimachokera ku kampaniyo. Umenewu amautcha fully insured, ndipo malamulo a chigawo chanu amaugwira. Pena olemba ntchito amalipira mabilu ndi ndalama zawo zomwe, ndipo kampani ya dzina lalikulu yolembedwa pa khadi ija imangoyendetsa mapepala. Umenewu ndiye self-funded. Mu 1990, pa mlandu wa FMC Corporation ndi Holliday wochokera ku Pennsylvania, Khoti la Supreme linagamula kuti lamulo la chigawo loletsa kubweza ndalama siligwira ntchito pa mtundu wachiwiriwu. Anthu oposa theka mwa amene ali ndi inshuwalansi ya kuntchito ku America ali mu mtundu umenewu, ambiri osadziwa n'komwe. Ngati inunso muli momwemo, lamulo la Indiana lija silikutetezani, ndipo chimene chilamule ndi mawu olembedwa m'chikalata cha pulani yanu, ndiye kuti dongosolo la inshuwalansi ya kuntchito kwanu.

Mlandu umene loya wanu ayenera kukhala nawo pamtima ndi wa kampani ya ndege ya US Airways ndi wantchito wake McCutchen, wa mu 2013. Bambo McCutchen anavulala kwambiri pa ngozi ya galimoto mu 2007, ndipo pulani ya kuntchito inalipira $66,866 kuchipatala. Maloya awo ankati kuvulalako kunali koposa $1 miliyoni, koma dalaivala wolakwayo anali ndi inshuwalansi yochepa pomwe ovulala anali angapo. Zonse pamodzi anapeza $110,000. Maloya atatenga 40 peresenti, bamboyo anatsala ndi $66,000, ndipo pulani inafuna $66,866 yonse. Taganizani: munthu wavulala, wathamanga ndi mlandu, mapeto ake apisenso m'thumba mwake $866 kuwonjezera. Khoti la Supreme linati mfundo zachilungamo monga made whole sizingagonjetse mawu omveka bwino a m'chikalata cha pulani, chifukwa mgwirizano ndi mgwirizano. Koma linanenanso kuti pamene chikalata chakhala chete, mfundo zakalezo zimalowa kudzaza mpatawo. Mawu a pulani ya US Airways amene khoti linawerenga sananene kanthu za malipiro a loya, choncho common fund inagwira ntchito.

Kwa inu zikutanthauza izi. Ngati pulani ili self-funded ndipo chikalata sichinena za loya, $36,000 ichepa ndi gawo limodzi mwa atatu kufika pa $24,000, ndipo mutsala ndi $16,000. Ngati chinalembedwa mothina, kuti iwo ndi oyamba kutenga, kaya mwabwezeredwa zonse kaya ayi, ndiponso sasenza za loya, pamenepo lamulo liwalola kufuna $36,000 yonse. Ndikuuzeni mosabisa kuti chitatuluka chigamulo cha McCutchen, mapulani ambiri anakonzanso zikalata zawo n'kutseka mpata uja. Koma si onse, ndipo ndaonapo zikalata zolembedwa mosasamala ngakhale za makampani akuluakulu. Ngozi ndi imodzi, chiuno ndi chimodzi, koma mutha kutsala ndi $4,000, $16,000 kapena $32,000 malingana ndi pepala limene mwina simunalionepo. Ine zimenezi sindiziona ngati chilungamo, koma ndi mmene lamulo liliri lero.

Pepalalo muli ndi ufulu wolilandira. Lemberani kalata, inu kapena loya wanu, kwa amene amatchedwa plan administrator, amene kawirikawiri amakhala olemba ntchito anu omwe, osati kampani yotolera ngongole imene yakulemberani. Pemphani chikalata chenicheni cha pulani cha chaka chimene munavulala, kabuku kofotokoza mwachidule kotchedwa Summary Plan Description, ndi lipoti la pachaka lotchedwa Form 5500. ERISA imawapatsa masiku 30, ndipo akanyalanyaza khoti likhoza kuwalipitsa mpaka $110 pa tsiku. Musakhutire ndi kabuku kachidule kaja, chifukwa mu 2011, pa mlandu wa CIGNA ndi Amara, Khoti la Supreme linati mawu a m'kabukuko si ndiwo mgwirizano weniweni. Zimachitika kuti ndime yoopsa ija ili m'kabuku koma m'chikalata chenicheni ili mwina. Wotolera ngongole akangonena pafoni kuti "iyi ndi ERISA", umenewo si umboni, chifukwa pulani ya fully insured nayonso ili pansi pa ERISA koma lamulo la Indiana limaigwira ndithu. Pali kanthu kena kokhudza ntchito yanu. ERISA siikhudza mapulani a ogwira ntchito m'boma ndi ena a mipingo. Ku Indiana nyumba zambiri zosamalira okalamba eni ake papepala ndi zipatala za maboma aang'ono, ngakhale amaziyendetsa ndi makampani wamba, choncho yang'anani dzina lolembedwa pa pepala la malipiro anu kuti mudziwe amene anakulembani ntchito kwenikweni.

Tibwere kwa alamu anu. Maganizo awo sanachokere kumwamba, alipo mlandu umene anthu amaumva theka. Mu 2006, pa mlandu wa Sereboff, khoti linati ndalama zikangofika m'manja mwa wovulala, gawo la pulani limakhala ngati lamangidwa kale chizindikiro, ndipo pulani ikhoza kulitsatira pamene lili. Kenako mu 2016 kunabwera mlandu wa Montanile. Bamboyu anagundidwa ndi dalaivala woledzera, pulani inalipira pafupifupi $121,000, iye analandira $500,000, ndipo atalipira maloya ndi zoyendetsera mlandu anatsala ndi $240,000. Loya wake anakambirana ndi a pulani osagwirizana, ndipo anawachenjeza kuti akapanda kuyankha m'masiku 14 apereka ndalamazo kwa mwini wake. Sanayankhe, ndipo anasuma patapita miyezi isanu ndi umodzi. Oweruza 8 mwa 9 anati ngati ndalamazo zathera pa zinthu zosatsatika monga chakudya, maulendo ndi ntchito zolipiridwa, pulani singagwire chuma china cha munthuyo.

Taonani kusiyana kwake ndi zimene mukufuna kuchita. Nyumba si chakudya. Chinthu chimene mwagula ndi ndalamazo, kaya galimoto kaya malo, chimatsatika, ndipo risiti yotumizira ndalama imasonyeza tsiku, kuchuluka kwake ndi wolandira. Ngakhale a pulani sangapite kukagwira malata kumudzi, inu muli ku South Bend, ndipo woweruza akhoza kukulamulani inuyo. Komanso mapulani ambiri ali ndi ndime yoti mukakana kubweza, adzasiya kukulipirirani mabilu akutsogolo mpaka ngongoleyo itakwana, ndipo munthu wa chiuno chothyoka adzafunanso dokotala. Loya wanu nayenso, poti akudziwa za kalatayi, sangangokupatsani ndalama zimene zili pa mkangano. A Montanile zinawayendera chifukwa a pulani anagona atachenjezedwa poyera. Imeneyo si njira yoti munthu aikonzekere mwadala, ndipo sindikukulangizani kutero.

Pamene pali phindu lenileni, lomwe anthu ambiri amalidumpha, ndi pa mndandanda wa zimene analipira. Aitanitseni mzere ndi mzere, wokhala ndi tsiku, dzina la chithandizo, ndalama zimene chipatala chinalemba ndi zimene pulani inatulutsadi. Iwo ali ndi ufulu pa zimene analipira zokha, osati pa bilu yoyamba ija imene imakhala yokwera kwambiri, ndiponso pa zokhudza ngoziyi zokha. Makompyuta awo amangokoka chilichonse chimene chinalipidwa kuyambira tsiku la ngozi. Ndikukumbukira bambo wina amene anabwera ndi mapepala ake mu jumbo, atapindikapindika m'makona. Tinayala masamba asanu ndi limodzi patebulo, iye akutsata ndi chala, ine ndili ndi cholembera chofiira. Pa tsamba lachinayi anaima n'kunena kuti, "Apa mwezi wa March ndinapita kukayezetsa shuga, si za mwendo izi." Tinapezamonso mankhwala a BP a miyezi ingapo ndi sikani imodzi yolembedwa kawiri. Palibe loya amene akanadziwa zimenezo kuposa mwini thupi. Choncho mndandandawo muuwerenge nokha, muli ndi kalendala pambali.

Ngakhale zitapezeka kuti chikalata chanu n'chothina, nkhani siinathe. Mapulani amatsitsa, chifukwa kusuma kumawadyera ndalama ndi nthawi, ndiponso akudziwa kuti anthu akaona kuti wovulala amatsala chimanjamanja adzasiya kusuma owavulaza, ndipo iwo sadzapezanso kanthu. Manyazi nawonso amagwira ntchito. Mayi Deborah Shank a ku Missouri, amene ankagwira ntchito ku Walmart, anavulala ubongo pa ngozi ya thiraki mu 2000. Pulani inalipira pafupifupi $470,000, ndipo ndalama zowasamalira moyo wawo wonse zimene zinatsala atalipira maloya zinali $417,000. Walmart inasuma n'kupambana m'makhoti, koma anthu atadandaula kwambiri, mu April 2008 inasiya kufuna ndalamazo. Lamulo linawalola kutenga, koma silinawakakamize. Loya wanu alembe kalata yosonyeza miyezi isanu ya malipiro otayika, zimene dokotala wanena za m'tsogolo, ndi umboni woti inshuwalansi zonse ziwiri zapereka mpaka pothera. Kugawa patatu, loya gawo lake, pulani gawo lake, inu gawo lanu, ndi poyambira pofala pokambirana, koma pa nkhani yanu ine ndikanayambira pansi kuposa pamenepo. Ndipo si mwano kufunsa loya ngati angatsitseko malipiro ake zikapezeka kuti iye atenga zambiri kuposa inu amene munathyoka. Ena amavomera. Funsaninso ngati ndime ya m'chikalata ikukhudza ndalama zochokera ku inshuwalansi ya galimoto yanu yomwe, chifukwa zikalata zina zimangotchula ndalama zochokera kwa wolakwa.

Kwa owerenga amene mabilu awo analipidwa ndi boma, malamulo ake ndi ena. Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba ndi olumala, imabwezeredwa motsatira lamulo la mu 1980, imachotsako gawo la malipiro a loya, koma kuyambira tsiku lolembedwa pa kalata yake yomaliza pamakhala masiku 60, kupitirira apo chiwongola dzanja chimayamba, ndipo imeneyi si yoseweretsa. Medicaid, ya anthu opeza ndalama zochepa, imatenga pa gawo la chipukuta misozi lokhudza chithandizo cha kuchipatala lokha. Pa mlandu wa Ahlborn mu 2006, chigawo cha Arkansas chinalipira zoposa $215,000 koma chinaloledwa kutenga pafupifupi $35,600 pa $550,000. Mu 2022, pa mlandu wa Gallardo wa ku Florida, khoti linawonjezera kuti gawolo likuphatikizapo ndalama za chithandizo cha m'tsogolo. Ogwira ntchito m'boma lalikulu la dziko lonse la America nawonso malamulo a zigawo sawateteza, monga khoti linagamulira mu 2017.

Inu Mayi, sabata ino pitani kwa loya wanu ndi khadi la inshuwalansi, pepala la malipiro ndi kalata ija. Mumufunse ngati waona ndi maso ake chikalata cha pulani, osati kabuku kachidule, ndipo ngati sanachione, kalata yochiitanitsa ituluke tsiku lomwelo. Mupemphe kuti ndalama zimene palibe akuzilimbirana, $4,000 ija, akupatseni panopa kuti muzigulira zofunika pakhomo, pamene $36,000 ikudikira. Mukadzagwirizana pa nambala iliyonse, musalole kuti cheke chituluke musanalandire kalata yosayinidwa ndi a pulani yonena kuti ndalamazo zatseka nkhani yonse ya ngoziyi, ndiponso kuti sadzakudulani pa mabilu a chiunochi m'tsogolo. Kalata imeneyo ikakhala m'manja mwanu, zotsalazo ndi zanu, ndipo alamu anu akhoza kuyamba kufunsa mtengo wa malata.